Nsanja za lamya zidzayamba kuona: kodi zoonedwazo zidzakhala za yani?

M'mwezi wa November caka ca 2023, nthumwi za maiko zinasonkhana mu mzinda wa Dubai moitanidwa ndi bungwe la International Telecommunication Union, limene ndi nthambi ya United Nations yoyang'anira za mawailesi ndi lamya. Dziko la Zambia ndi limodzi mwa mamembala a bungweli. Pa msonkhanowo nthumwizo zinabvomereza cikalata colongosola nchito zimene lamya za m'manja za mtundu watsopano, zochedwa 6G, zidzayenera kugwira kuyambira ca m'ma 2030. Mwa nchito zikulu-zikulu zisanu ndi imodzi zimene zinalembedwa, imodzi ndi yacilendo ndithu: nsanja imene imanyamula mau a anthu idzakhalanso yoona zinthu zoyenda pafupi nayo.

Nkhani yotere imamveka ngati ya akatswiri a kutsidya kwa nyanja, yosakhudza mlimi wa ku Nyanje kapena wa kwa Mwase. Koma nsanja zimene zili kunenedwa ndi za mtundu womwe uja wa zimene zinaima pa mapiri ndi m'mbali mwa mseu waukulu wa kum'mawa, ku Nyimba, ku Petauke, ku Katete mpaka ku Chipata. Kufikira lero nchito yao ndi imodzi, kulandira mau ndi kuwapereka. Tsiku limene zidzapatsidwa maso padzabuka mlandu umene anthu a m'midzi ayenera kuudziwa nthawi ikalipo: zimene nsanja yaona ndi za yani, ndipo zidzathandiza yani?

MAU OBWERERA

Mbusa aliyense adziwa kuti akafuula pafupi ndi phiri la mwala mau ace amabwerera, ndipo phirilo likakhala patali mauwo amacedwa kubwerera. Mileme ing'ono-ing'ono yodya tizilombo imayenda mumdima mwa njira yomweyi, kulira ndi kumvetsera. Mileme ikulu-ikulu yodya zipatso, imene imadzaza nkhalango ya Kasanka cakumapeto kwa caka, ilibe luso limeneli. Iyo imadalira maso ndi mphuno.

Mafunde a wailesi nawonso amabwerera akagunda galimoto, ndeke, nyama kapena munthu. Amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kotero kuti akagunda cinthu cili pa kilomita imodzi ndi theka, amapita ndi kubwerako pa gawo limodzi mwa magawo 100,000 a sekondi. Makina amatha kuwerenga kanthawi kameneko ndi kunena mtunda. Amathanso kudziwa ngati cinthuco cili kudza kapena kupita, ndi liwiro lace. Makina otere ndiwo amachedwa rada.

Codabwitsa ndi cakuti rada ya ku Britain inabadwira pa nsanja youlutsira mau. Pa 26 February 1935, a Robert Watson-Watt ndi a Arnold Wilkins anaimika galimoto m'munda pafupi ndi Daventry, kumene BBC inali ndi wailesi youlutsa pa 49 mita bandi, bandi yomwe ija akulu-akulu a m'midzi anali kufuna-funa pa mawailesi ao madzulo. Ndeke ya nkhondo inadutsa m'mafunde a wailesiyo, ndipo makina a anthu awiriwa anaiona kufikira pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 13. Pambuyo pace nchito ziwirizi zinapatukana. Rada inapita kwa asilikali, ku mabwalo a ndeke ndi kwa oona za nyengo, pamene wailesi ndi lamya zinatsala ndi mau. Iliyonse inamanga nsanja zace ndi kupatsidwa gawo lace la mlengalenga.

Tsopano mlengalenga wadzaza. Magawo a mafunde ali ngati minda ya m'dimba, yocepa ndi yolimbiranidwa, ndipo woyandikana naye akalowerera malire pamabuka mkangano. M'January 2022 makampani ena a ndeke anaimitsa maulendo opita ku mizinda ina ya United States, poopa kuti mafunde a 5G amene anali kutsegulidwa kumeneko angasokoneze tirada timene timauza woyendetsa ndeke kutalika kwace kucokera pansi potera. Akatswiri anali atayamba kale kufunsa kuti, popeza zonse ziwiri ndi mafunde a wailesi, bwanji mafunde amodzi osagwira nchito ziwiri? Mkangano wa ku America unapatsa funsolo mphamvu.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Cimene calola kuti maganizo amenewa atheke ndi kuculuka kwa maeriyo. Eriyo ndi kaja kawaya kamene munthu amakoka pa wailesi kuti mau amveke bwino. Lamya ya m'manja ili nako m'kati, ndipo nsanja ili nawo m'mabokosi oyera opacikidwa pamwamba. Eriyo imodzi ili ngati nyali ya koloboyi, imene imamwaza kuwala mbali zonse, kumene kuli anthu ndi kumene kulibe. Maeriyo ambiri akaikidwa m'mizere ndi kugwirira pamodzi amakhala ngati toci, yolunjika pa cinthu cimodzi.

M'mene zimacitikira angazione aliyense woponya miyala iwiri pa dziwe. Pamene mafunde a mwala uwu akumana ndi a mwala uwo onse ali pamwamba, madzi amakwera koposa. Pamene lina lili pamwamba lina pansi, madzi amangokhala bata. Makina a pa nsanja amacedwetsa mafunde a eriyo iliyonse ndi kanthawi kosiyana pang'ono, kuti onse akakumane ali pamwamba kumbali imene kuli lamya yofunikayo ndi kufafanizana kumbali zina. Palibe cimene cimatembenuka pa nsanjapo. Bokosi lili ciimire, koma muuni wace umalumpha kucoka kwa munthu uyu kupita kwa uyo msanga kuposa kuphethira kwa diso, ndipo bokosi limodzi lingaponye miuni yambiri nthawi imodzi.

Katswiri wa ku Bell Labs ku America, a Thomas Marzetta, analemba m'caka ca 2010 za phindu limene lingapezeke ngati maeriyo a pa nsanja aculukitsidwa kopanda malire. M'caka ca 2016 akatswiri a pa mayunivesite a Bristol ku Britain ndi Lund ku Sweden anaonetsa makina a maeriyo 128 akutumikira olandira 22 nthawi imodzi pa gawo limodzi la mafunde. Lero mabokosi ambiri a 5G amakhala ndi tieriyo 128 kapena 192, ndipo amene ali kuyesedwa pokonzekera 6G ali ndi toposa 1,000.

Kuti tieriyo tambiri cotere tikwane m'bokosi limodzi, mafunde ayenera kukhala afupi, pakuti mpata wa pakati pa eriyo ndi inzace umakhala theka la utali wa funde. Pa gawo la 3,500 megahertz, limene 5G imagwiritsa nchito m'maiko ambiri, funde ndi lotalika masentimita pafupi-fupi 9. Pa 7,000 megahertz ndi lotalika masentimita 4 ndi pang'ono, ndipo bokosi la msinkhu womwewo limalowa tieriyo toculuka kanai. Msonkhano wina wa bungwe lija, umene unacitikiranso ku Dubai cakumapeto kwa 2023, unapatula gawo la 6,425 mpaka 7,125 megahertz kuti lamya za m'manja zingaligwiritse nchito m'dera limene muli Africa ndi Ulaya.

Munthu amadziwa kumene mau acokera cifukwa ali ndi makutu awiri. Bokosi la makutu cikwi limadziwa molunjika koposa. Lingathe kulekanitsa zinthu ziwiri zoyandikana, ndipo likakula kwambiri silimangoloza mbali cabe koma limasonkhanitsa mafunde pa malo amodzi, monga galasi limasonkhanitsira dzuwa mpaka pepala lipsa. Pamenepo nsanja imene inamangidwira mau yasanduka rada, popanda kuonjezera citsulo cina. Kuona kwace si kwa kamera ai. Siona nkhope kapena mtundu wa malaya. Imangodziwa kuti pa mtunda wakuti, kumbali yakuti, pali cinthu ca msinkhu wakuti coyenda pa liwiro lakuti.

Amene ali patsogolo kufuna zimenezi ndi maiko olemera, ndipo zifukwa zao ndi za kwao. M'December 2018 bwalo la ndeke la Gatwick pafupi ndi London linatsekedwa kwa masiku anthu atanena kuti aona tindeke topanda woyendetsa, tochedwa drone; maulendo pafupi-fupi 1,000 anasokonezeka ndipo apaulendo okwana 140,000 anabvutika. Tindeke totere timauluka pansi, pamene rada ya pa bwalo siiona bwino, koma nsanja za lamya zili ponse-ponse m'mizinda. Ena afuna kuti nsanja zizicenjeza magalimoto pa mphambano, ena kuti ziziyang'anira makina m'mafakitale.

Komabe pa mndandanda wa nchito 32 umene unakonzedwa m'caka ca 2023 ndi bungwe la 3GPP, limene limalemba malamulo a kapangidwe ka lamya za m'manja, muli zina zimene mlimi angazimve: kuyesa mvula, kuona madzi osefukira, ndi kucenjeza ngati nyama kapena munthu walowa pa mseu kapena pa njanji. Anthu a ku Mambwe, kapena a m'malire a Lundazi ndi Kasungu kumene madandaulo a minda yoonongeka anaculuka njobvu 263 zitasamutsidwa kucoka ku Liwonde m'caka ca 2022, angaganize msanga za nsanja yowadzutsa usiku njobvu zisanafike pa nkhokwe.

Pamenepa mpofunika kunena zoona. Mafunde obwerera amafooka msanga: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu yao imacepa ka 16. Mafunde afupi amamezedwanso ndi masamba a mitengo. Ndipo nsanja za kumidzi zimadalira mafunde atali, a 800 kapena 900 megahertz, cifukwa ndiwo amafika kutali. Pa mafunde otere mzere umodzi wa maeriyo 32 ungatalike kuposa mamita 5, cinthu cosatheka kupacika pa nsanja wamba. 5G yeniyeniyo, imene MTN inatsegula m'dziko lino m'November 2022 ndi Airtel mu 2023, inayambira ku Lusaka ndi mizinda ikulu-ikulu. Palibe cifukwa coganizira kuti 6G idzayambira ku Chama. Munthu amene angalonjeze alimi kuti nsanja idzawaonera njobvu ili pansi pa mitengo makilomita 15 kutali, ameneyo ali kuwanamiza.

Pali bvuto la magetsi. Bokosi la maeriyo ambiri limadya magetsi kuposa lakale, ndipo mphamvu imene nsanja iononga poyang'ana zinthu ndi yocotsedwa pa yonyamulira mau. Caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzimitsidwa kufikira maola 21 pa tsiku, ndipo nsanja zambiri zinadalira mabatire ndi majenereta a dizilo. Nsanja yozima siimva, siionanso.

MVULA

Koma pali mbali imodzi ya nkhaniyi imene siilira 6G, siilira maeriyo cikwi, ndipo inayesedwa kale mu Africa muno. Munthu akayang'anitsitsa nsanja ya kumudzi adzaona, kuonjezera pa mabokosi atali aja, ziwiya zozungulira zonga ng'oma. Ng'oma iliyonse imapenyana ndi inzace ya pa nsanja ina, mwina makilomita 10 kapena 30 kutali, ndipo ndizo zimapatsirana mau kucoka nsanja kufika nsanja mpaka ku tauni. Mvula ikagwa pakati pa ng'oma ziwirizo, madontho amameza gawo la mafunde, ndipo mphamvu yofika kutsidya imatsika molingana ndi kukula kwa mvulayo. Makina a kampani amalemba mphamvu imeneyi usana ndi usiku kuti amisiri adziwe pakaonongeka cinthu.

Kwa amisiri kutsika kumeneku kunali cabe cosautsa ca nyengo ya dzinja. M'caka ca 2006 mai Hagit Messer ndi anzao a pa yunivesite ya Tel Aviv ku Israel anaonetsa kuti manambala omwewo angasandutsidwe muyeso wa mvula. M'caka ca 2013 akatswiri a ku Netherlands, kampani ina ya lamya itawalola kuona manambala a njira pafupi-fupi 2,400, anajambula mapu a mvula a dziko lao lonse a mphindi 15 zilizonse. Ku Burkina Faso anayesa njira imodzi ya makilomita 29 ya kampani ya Telecel Faso m'dzinja la 2012, ndipo anapeza kuti pa masiku 100 alionse a mvula njirayo inatha kuzindikira 95.

Phindu lace kwa mlimi wa kuno ndi loonekeratu. Mvula ya m'dziko lino imagwa pa munda wa uyu ndi kulumpha wa mnzace. Coyesera mvula ca boma cimayesa pa malo amodzi cabe pamene caikidwa, ndipo zoyesera zotere ndi zotalikirana. Makina a m'mwamba ochedwa satellite amaona mitambo kucokera pamwamba ndi kungoyerekeza madzi amene afika pansi. Ng'oma za pa nsanja zimayesa pafupi ndi nthaka, kumene kuli minda. Sizilosera nyengo ya caka conse, ndipo kumene kampani yacotsa ng'oma ndi kukwirira nthambo pansi muyesowo umatha. Koma zingathe kusiyanitsa cizimalupsa ndi mvula yobzalira, ndipo zingauze anthu a m'cigwa ca Luangwa kuti kumtunda kwagwa mvula yaikulu, mitsinje isanadzaze.

Caka ca 2024 cinaonetsa kufunika kwa muyeso woona. Pa 29 February mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga cimene cinabzalidwa, pafupi-fupi miliyoni imodzi anaonongeka. Kuyambira 2017 alimi olandira feteleza ndi mbeu m'ndondomeko ya FISP anayamba kulipiranso inshuwalansi ya nyengo, imene inali kupereka ndalama potengera mvula yoyerekezedwa ndi makina a m'mwamba, osati poyendera munda. Makina akati mvula inagwa pamene mlimi aona cimanga cace cauma, mlimiyo alibe mboni. Nsanja ya pa phiri la kwao ingakhale mboni yaciwiri.

Pano ndi pamene funso la umwini liyambira. Manambala a ng'oma zija amakhala m'makompyuta a kampani, ndipo makampani amawasunga mwa nsanje poopa kuti opikisana nawo angadziwe kayalidwe ka njira zao. Kulikonse kumene anagwiritsidwa nchito poyesa mvula, panayamba pangano. Pangano lingalembedwe mwa njira ziwiri. Kampani ingagulitse manambalawo kwa a inshuwalansi ndi ogula mbeu okha, ndipo mlimi adzakangana ndi anthu odziwa za mvula ya pa munda wace kuposa mwini. Kapena manambalawo angapite ku ofesi ya boma yoona za nyengo, ndi kuulutsidwa pa wailesi m'zilankhulo za anthu. Njira yaciwiri ndiyo yoyenera, pakuti mlengalenga umene mafundewo amadutsamo ndi cuma ca dziko, cimene makampani amangobwereka ndi cilolezo ca bungwe la ZICTA. Wobwereketsa ali ndi mphamvu yoika mau m'cilolezo.

WOPANDA LAMYA

Mbali ina ya umwini ndi yoopsa. Lero kampani imadziwa dera limene munthu ali cifukwa ca lamya imene wanyamula. Munthuyo analembetsa yekha nambala yace ndi citupa, ndipo akafuna angazime lamyayo kapena kuisiya pa nyumba. Nsanja yoona ndi mafunde obwerera siifunsa ngati munthu ali ndi lamya. Imaona mwana wa sukulu, nkhalamba yosadziwa kuwerenga, ndi anthu osonkhana pa bwalo usiku, ndipo palibe batani limene iwo angadine kuti asaonedwe. Zipupa nazo sizibisa kotheratu: m'caka ca 2013 a Fadel Adib ndi mai Dina Katabi a pa sukulu ya MIT ku America anaonetsa kuti mafunde a Wi-Fi angathe kuwerenga anthu oyenda m'cipinda cotseka, makinawo ali kunja kwa khoma.

Ena adzati popeza nsanja siona nkhope, palibe coopa. Koma pa mudzi wa nyumba 30, cinthu ca msinkhu wa munthu cimene cimatuluka pa khomo lakuti m'bandakuca uliwonse ndi kulowera njira yakuti cili nalo kale dzina. Dziko la Zambia lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act la 2021, limene limanena za zinthu zodziwitsa munthu kuti ndi uje. Ngati mthunzi wopanda dzina wogwidwa ndi rada ulowa m'lamulo limenelo ndi nkhani imene aphungu a nyumba ya malamulo ayenera kuimasula poyera, makinawo asanafike pa doko. Kuletsa cinthu cimene makampani anagula kale ndi ndalama zambiri kumakhala kobvuta kuposa kuika malire cisanagulidwe.

Nthawi ya zimenezi ndi ino, pakuti malamulo a kapangidwe ka 6G ali kulembedwa zaka zino, ndipo olemba ambiri ndi makampani a ku China, ku Ulaya, ku America, ku Korea ndi ku Japan. Zambia ilibe fakitale ya maeriyo, koma ili ndi mpando m'bungwe lija la maiko, ili ndi zilolezo, ndipo ili ndi malo. Nsanja zambiri za kumidzi zinaima pa malo a mafumu, ndipo lamulo la malo la 1995 limafuna cibvomerezo ca mfumu malo otere asanasandutsidwe a lendi.

Citsulo ca nsanja cimakhala zaka zambiri, koma mabokosi opacikidwapo amasinthidwa nthawi ndi nthawi, anthu a pamudzi osaitanidwanso. Tsono pamene a kampani afika kudzapempha phiri, ndipo mfumu, anduna ace ndi anyakwawa afunsa za lendi ndiponso ngati lamya zidzagwira mpaka ku dimba, pali mafunso ena oyenera kulowa m'kalata ya pangano. Afunse ngati adzauzidwa tsiku limene bokosi loona lidzapacikidwa, ndipo ngati nsanjayo idzakhala ndi ng'oma, afunsenso kuti muyeso wa mvula ya pamudzi pao adzaumva kuti.